Wa kontrakiti kapena wolembedwa: zimene ndinaona pachigayo panga

Anzanga a zigayo amandifunsa chaka ndi chaka za anyamata amene timawatenga chimanga chikachuluka, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti: tiziwasayinitsa ngati a kontrakiti odziimira paokha, kapena tiziwalemba ntchito ya miyezi yowerengeka? Ine zonse ziwiri ndinalawa.

Kontrakiti imakoma m'thumba. Mwapangana mtengo, wagwira, mwamulipira, kwatha. Wolembedwa ndi wodula: tchuthi cha masiku 18 pachaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndipo akakhazikika pali penshoni, bwana 10 peresenti, iye 5. Pamapepala ndiye osanena, wolembedwa amatopetsa.

Chimene chinandisintha maganizo ndi lamba wa chigayo. Mnyamata wanga wina, amene ndinamusayinitsa pepala lakuti ndi wa kontrakiti, ankabwezeretsa lamba injini isanazime bwinobwino, zala ziwiri n'kuthyoka. Ndinamuthamangitsira kuchipatala, ndinalipira zonse, ndikuganiza kuti nkhani yathera pompo. Patapita milungu itatu, kalata yochokera ku ofesi ya zantchito.

Ndinapita monyada, pepala lija m'manja. Mayi amene ndinawapeza anangoliyang'ana kamodzi n'kuliika pambali.

"Bambo, nthawi yoyamba ntchito amatchula ndani?"

Ine.

"Zipangizo n'zandani? Ali ndi kwina kumene amagwira?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Lamulo la zantchito la Malawi, Employment Act ya 2000, limaona mmene munthu akugwirira ntchito: ngati amadalira inu pa chakudya chake ndipo amayendera mawu anu, ndi wantchito wanu, kaya pepala mwalitcha dzina lanji. Zikatero, akavulala pantchito chipukuta misozi cha m'lamulo la ovulala pantchito lotchedwa Workers' Compensation Act chili pamutu panu. Ndalama imene ndinkasungira sefa zatsopano inapita yonse, n'kuwonjezera ngongole kubanki m'khonde. Amene anandilembera pepala lija, mlamu wanga wodziwa zonse, mpaka lero tikakumana pamaliro amayang'ana kumbali.

Tsopano aliyense woima pamakina ndimamulemba, ngakhale ikhale miyezi inayi yokha, tsiku loyamba ndi lomaliza zili pakalata. Wa kontrakiti ndatsala naye mmodzi, wokonza mota. Amabwera ndi masipanala ake, amatchula mtengo wake, ndipo ndikamuimbira Lachiwiri amandiuza kuti ali pachigayo cha wina, ndidikire Lachinayi.