Mapiritsi olera okhala ndi oestrogen ndi jakisoni wa Depo-Provera: kusiyana kwake m'thupi la mayi

Oestrogen ndi homoni imene imapangidwa makamaka m'timatumba ta mazira a mayi, ndipo ndiyo imakulitsa mabere mtsikana akamatha msinkhu, imakonza mkati mwa chiberekero mwezi ndi mwezi komanso imasunga mafupa kuti akhale olimba. Njira ziwiri zolera zimene amayi amapatsidwa kusikelo zimasiyana kwambiri pa homoni imeneyi. Mapiritsi monga Microgynon ali ndi oestrogen wopangidwa pamodzi ndi homoni ina yotchedwa progestin, pamene jakisoni wa Depo-Provera, wobayidwa pa miyezi 3 iliyonse, ali ndi progestin yekha.

Ubwino wa mapiritsi umaonekera pa msambo. Mayi amamwa mapiritsi 21 okhala ndi mahomoni, kenako 7 opanda mahomoni, ndipo m'masiku 7 amenewa msambo umabwera pa nthawi yake, wochepa ndiponso wosapweteka kwambiri. Akasiya kumwa, kubereka kumabwerera msanga. Koma oestrogen amachititsa magazi kuundana mosavuta, choncho bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaletsa mapiritsiwa kwa mayi wa zaka 35 kapena kuposerapo amene amasuta fodya kwambiri, kwa amene magazi ake amathamanga kufika pa 160/100, kwa wodwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuthwanima m'maso, ndi kwa amene anadwalapo matenda a kuundana kwa magazi m'miyendo. Mayi woyamwitsa naye sapatsidwa mpaka mwana atakwanitsa miyezi 6, chifukwa oestrogen angachepetse mkaka. N'chifukwa chake kuyezetsa BP musanalandire paketi yoyamba si mwambo wongotayitsa nthawi pamzere.

Jakisoni alibe zoletsa zambiri zotere, ndipo sadalira kukumbukira kwa tsiku ndi tsiku. Mwa amayi 100 omwa mapiritsi, pafupifupi 7 amatenga pakati pa chaka chimodzi, ambiri chifukwa chodumphitsa masiku, pamene pa jakisoni amakhala pafupifupi 4. Nzosadabwitsa kuti kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015-16 anapeza kuti amayi apabanja pafupifupi 30 mwa 100 alionse ankabayitsa, pamene omwa mapiritsi anali 2 okha.

Chimene ambiri sauzidwa bwino n'chakuti jakisoniyu amatsitsa oestrogen wa m'thupi la mayi mwini. Zotsatira zake, mafupa amachepa mphamvu pang'ono pa zaka zimene mayi akubayitsa, ngakhale kuti mphamvuyo imabwerera akasiya. Msambo umasokonekera m'miyezi yoyamba, ena amangodontha masiku ambiri, kenako ambiri amasiyiratu kusamba. Mphekesera yakuti magaziwo amaunjikana m'mimba ndi yabodza, pakuti mkati mwa chiberekero mumakhala mopyapyala ndipo mulibe choti chituluke. Vuto lenileni ndi lochedwa kubereka, chifukwa amayi ambiri amatenga pakati patapita miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ndipo ena amanenepa.

Mankhwala ena amasinthanso chisankho. Rifampicin wa chifuwa chachikulu ndi efavirenz wa ma ARV amafooketsa mapiritsi, koma sakhudza mphamvu ya jakisoni, pamene dolutegravir, mtundu wina wa ma ARV umene ambiri akumwa masiku ano, sasokoneza njira iliyonse mwa ziwirizi. Zonse ziwiri siziteteza ku HIV.

Kwa ine, mayi wosasuta, wa BP yabwino, wosayamwitsa ndiponso wofuna mwana chaka chamawa akuyenera mapiritsi, bola ngati angathe kumwa tsiku lililonse. Woyamwitsa, wokhala kutali ndi chipatala kapena womwa mankhwala a chifuwa chachikulu apindula ndi jakisoni, amene angabayitsebe ngakhale atachedwa ndi masabata 4 pa tsiku limene analemberedwa.