Gemu ya MIT yochepetsa liwiro la kuwala, aphunzitsi a physics muione

Anzanga amene nkhani za Einstein zimakuzunguzani mutu, pali kagemu ka pa kompyuta dzina lake A Slower Speed of Light, anakapanga a MIT Game Lab, gulu lopanga magemu pa yunivesite ya MIT ku America, mu 2012. Ndi kaulere, mumangodawunilodi basi, kamayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Pa foni ayi, ndiye pakufunika laputopu ndi mausi.

Nzeru yake ndi yosavuta koma ndaikonda kwambiri. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, nde palibe munthu angafike pafupi ndi liwiro limenelo kuti aone zomwe Einstein ananena mu 1905 m'chiphunzitso chake chotchedwa relativity. Iwowa m'malo mokuthamangitsa iweyo anangochepetsa kuwalako. Umayenda m'kamudzi ka tinyumba ndi bowa akuluakulu ukutolera timipira 100, ukatola kamodzi liwiro la kuwala limatsika pang'ono, mpaka kumapeto kuyenda kwako kwa wapansi kumakhala pafupi ndi liwiro la kuwala.

Poyamba sumaona kanthu, ndi gemu wamba. Koma timipira tikachuluka mitundu imayamba kusokonekera, zakutsogolo zimapita ku buluu ndi pepo, ukamabwerera m'mbuyo zimafiira, ndi Doppler yomwe ija timaimva ambulansi ikamadutsa kulira kwake nkusintha, kungoti apa ndi maso osati makutu. Ndipo kuwala komwe maso athu saona ngati infrared kumayamba kuoneka chifukwa kwakankhidwa kulowa m'mitundu yomwe timaona. Kutsogolo kumawala kwambiri, ukayenda chambuyo kumada bii. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi, ukangoyamba kuthamangira kutsogolo zinthu zimaoneka ngati zakutalikira m'malo moyandikira, nyumba zimapindika, zam'mbali zimabwera kutsogolo kwako, ndipo si zokongoletsa ayi, ndi masamu enieni a Lorentz, mafomula a relativity, akuwerengedwa pompo. Zimenezi mu buku mutha kuloweza fomula nkukhoza mayeso osadziwa kuti zimaoneka bwanji.

Mukhale tcheru, kupindika kwa zithunziku kumatha kuyambitsa chizungulire, osasewera nthawi yaitali osapuma, makamaka ngati mumasanza m'galimoto.

Pomwe ndikuona kuti kachepa ndi nkhani ya nthawi. Kwa ine mtima wa relativity ndi woti wotchi ya munthu wothamanga imayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi ya amene watsala, pa 87% ya liwiro la kuwala ola lako limodzi kwa anzako amakhala awiri. Mu gemumu mitundu ndi imene imalanda maso, mwana atha kumaliza akuganiza kuti relativity ndi zinthu kusanduka buluu basi. Ndiye mphunzitsi asangowasiyira laputopu, akhale pambali ndi choko. Awauze za ma muon, tinthu timene timapangika m'mlengalenga makilomita ngati 15 kumwamba, moyo wake ndi ma microsecond 2.2 okha (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni imodzi) moti tinthuti tikanangoyenda mamita ngati 660 nkutha, koma timafika pansi pano tambirimbiri chifukwa wotchi yake ikuchedwa. Awauzenso za GPS yomwe ili mu foni zathu, mawotchi a pa satelaiti amachedwa ma microsecond 7 pa tsiku chifukwa cha liwiro, amafulumira 45 chifukwa ali kutali ndi mphamvu yokoka ya dziko, kusiyana kwake 38, ndipo akanapanda kukonza mapu akanamaphonya ndi makilomita pafupifupi 10 tsiku lililonse.

Ndi kaifupinso, simungakhale nako sabata, mukatolera timipira tonse nkhani yatha, palibe ma level ena. Koma pa kalasi ndi zabwino chifukwa kamakwana mu piriyodi imodzi nkutsalanso nthawi yokambirana. Amene mumadziwa Unity, pulogalamu yopangira magemu, a MIT anatulutsanso OpenRelativity, khodi yomwe ili pansi pa gemuyi, yaulerenso, mutha kupangira zanu.

Ine ndikuti dawunilodani, ikani pa flash mugawire anzanu a ku sekondale ndi ku koleji, sikafuna bando mukamasewera. Ngati kalasi ili ndi projekita ndiye bwino kwambiri, mmodzi azisewera ena azinena zomwe zichitike asanatole kampira kotsatira.