Pulagi ya iridium pa njinga ya kumunda, zomwe ndaona kuyambira chisanu mpaka dzinja lino

Amene mumafunsa ngati pulagi ya iridium imawonjezera mphamvu pa tiinjini ta njinga zoyenda m'fumbi, yankho langa ndi loti ayi siwonjezera, koma pali zina zomwe yandichitira moti ikadzatha ndidzagulanso yomweyi. Njinga yanga ndi ya 200cc, four stroke, ya kabureta, injini zija zotengera Honda CG zomwe zili mbwee mu Lusaka muno, ndipo ntchito yake ndi kuchoka ku Chelstone kupita ku kamunda kathu kupitirira Chongwe, kuja tara ikatha kumangotsala mchenga, miyala ndi matope. Ndinayika pulagi ya iridium ya NGK, DR8EIX, chisanu chikungoyamba m'malo mwa pulagi wamba ya D8EA yomwe ndinazolowera, manje tili mkati mwa mvula, ndiye yaona kuzizira kwa Juni ndi Julayi, yaona fumbi ndi kutentha kwa Okutobala, yaonanso madzi.

Chabwino chomwe ndinaona msanga ndi kulira kwa m'mawa. Amene mumadzukira njinga mu Julayi mukudziwa, zala zitauma, choko uli wokoka, iwe ukuponda kiki mpaka thukuta chonsecho kunja kukuzizira, injini ingoti bu bu n'kuzima. Ndi pulagi iyi imagwira msanga ndithu ndipo choko sindimusiya nthawi yayitali ngati kale. Ikayima pa maloboti kapena ndikatsika kukatsegula geti imalira mwakachetechete osadumphadumpha, zomazima yokha zija zinachepa maningi. Chifukwa chake si matsenga ayi, ukaziyika pamodzi pa dzanja umaona wekha, kansonga kapakati ka chitsulo cha iridium n'kowonda ngati singano, 0.6mm chabe, pamene ka pulagi wamba ya nickel kamakhala cha m'ma 2.5mm. Nsonga yowonda imafuna magetsi ochepa kuti moto udumphe, ndiye pa kiki pomwe injini ikuzungulira pang'onopang'ono ndipo koyilo sinapatse mphamvu yokwanira, moto umatulukabe wabwino. Ndipo amatha kuyiwondetsa choncho chifukwa iridium imasungunuka cha pa 2,450°C pamene nickel ndi cha pa 1,450°C, nickel itakhala yowonda choncho ingadyeke msanga.

Koma mphamvu ayi. Pali kachitunda kena ka miyala tisanafike kumunda komwe ndimakwera ndi giya yachiwiri ndikanyamula thumba la feteleza kumbuyo, pano ndimakwerabe ndi giya yomweyo, injini ikudandaula chimodzimodzi. Pa Great East Road liwiro lomwe imathera ndi lomwe lija. Petulo nayenso sindinaone kuti akukhalitsa, tanki imandifikitsa pomwe imandifikitsa kale. Kuti ndisadzinamize ndinagula D8EA yatsopano n'kuyibwezeramo kwa kanthawi mu Seputembala, njira yomweyo katundu yemweyo, ndipo injini ikatentha sindinathe kusiyanitsa, kusiyana kunali m'mawa basi. Ndikuganiza kuti apa m'pomwe anzathu ambiri amasokonekera, munthu amachotsa pulagi yoti yatha, nsonga yadyeka, gapu (kampata komwe moto umadumpha) yakula, mwaye uli bii, n'kuyika iridium yatsopano, njinga n'kuyamba kuthamanga, ndiye amati iridium ndi moto. Sakunama kuti yasintha, koma pulagi iliyonse yatsopano yoyenera ikanachita zomwezo. Ntchito ya pulagi ndi kuyatsa basi, moto ukayaka mphamvu imachokera ku kukula kwa injini, mpweya womwe walowa, petulo ndi kompuresheni, ndipo palibe pulagi yomwe ingakulitse zimenezi.

Chomwe chinabweza mphamvu pa njinga yanga ndi china, ndipo ndi chomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ife a kuno. Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka kusiyana ndi wa ku Dar es Salaam kapena Beira, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3% ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse ukamakwera. Kabureta sadziwa zimenezi, amangothira petulo monga anamuchunira, ndiye mpweya ukachepa petulo amachuluka, injini imayenda rich. Onjezerani fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala lomwe limatseka fiyuta ya mpweya, basi zinthu zafika poyipa. Mu Okutobala njinga inayamba kulemera, ndikakoka mafuta imayamba yatsamwa kaye, ndinamasula iridium yodula ija ndikupeza yakuda bii, mwaye wouma ngati kunsi kwa mphika wa pa nkhuni. Ndinapita nayo kwa amdala ena omwe amakonza njinga kufupi ndi kwathu, iwo anangoyang'ana pulagi ija kamodzi n'kuyiyika pambali, anatsegula bokosi la fiyuta n'kutulutsa siponji itafiira ndi dothi, akayifinya fumbi likuchita kugwa pansi. Anati, "Mwana wanga, njinga iyi ikulephera kupuma, olo muyike pulagi ya golide ida chimodzimodzi." Anayichapa, anayiyanika, anayipaka oyilo pang'ono n'kufinya wotsala, kenako anatsegula pamwamba pa kabureta n'kukweza kakilipu ka nidulo mzere umodzi kuti nidulo itsike, petulo achepe pang'ono. Tsiku limenelo njinga inapepuka moti ndinamva ndi thupi lomwe, ndipo ndalama yomwe ndinawapatsa sinafike olo theka la mtengo wa iridium. Kuyambira pamenepo pulagi ikumatuluka ya mtundu wa khofi wothira mkaka, womwe ndi mtundu woyenera.

Ndiye phunzirani kuwerenga pulagi abale. Yakuda youma ndiye kuti petulo wachuluka kapena fiyuta yatseka, yakuda yonyowa ndi oyilo ndiye kuti maring'i kapena ma valve seal akudutsitsa oyilo ndipo pamenepo iridium ndi kutaya ndalama chabe, yoyera mbee ngati choko cha kusukulu ndiye yoopsa kwambiri chifukwa injini ikutentha mopitirira, mwina petulo wachepa kapena mpweya ukulowera pena, ndipo mapeto ake pisitoni imatha kubowoka.

Nkhani ina yomwe imandiwawa ndi ya manambala. Ndimaona anyamata akugula pulagi poyerekeza ndi maso, bola yalowa pa bowo. Chonde musatero. Pa D8EA, D akutanthauza mazinga a 12mm, E ndi kutalika kwa mazingawo komwe ndi 19mm, ndipo 8 ndi heat range, kutanthauza momwe pulagi imatayira kutentha kwake. Kwa NGK nambala ikamakwera pulagi imakhala yozizira, koma kwa Champion ndi Bosch ndi mosemphana, ndiye 8 wa uku si 8 wa uko. Yozizira kwambiri siyifika pa kutentha kowotcha mwaye wake, komwe ndi cha m'ma 450°C kupita m'mwamba, ndiye imada msanga, yotentha kwambiri imayatsa petulo nthawi isanakwane n'kuwononga injini. Yayitali mazinga imatha kugunda pisitoni. R yemwe ali mu DR8EIX ndi resistor yochepetsa phokoso la magetsi, alibe chochita ndi liwiro. Tsatirani nambala ya m'buku la njinga yanu, ngati mukufuna iridium pezani yofanana ndi nambala imeneyo basi.

Komanso iridium siyifuna chizolowezi chathu chija chokwecha pulagi ndi sandipepa kapena bulashi ya waya m'mbali mwa msewu, kapena kupana gapu ndi sikuludiraiva. Kansonga kaja n'kolimba pa moto koma sikachedwa kuthyoka mukakakanikiza. Gapu ya injini izi ndi 0.6 mpaka 0.7mm, yanga sindinayigwirepo chiyikireni, ndipo nditayeza posachedwa ndi feeler gauge, kachipangizo koyezera gapu, ili pomwe inali, nsonga ikadali yakuthwa. D8EA pofika nthawi ngati ino imakhala itayamba kubulungira m'mbali. Apa ndiye pomwe ndalama yanga ikubwerera pang'onopang'ono, ngakhale kunena zoona mtengo wa iridium imodzi umagula mapulagi wamba angapo, ndiye amene mumasintha yanu pa nthawi yake simukutaya kanthu.

Zachinyengo ziliponso zambiri mu tauni, bokosi lokongola dzina lalikulu koma mkati zina. Ineyo ndimayang'ana zolemba pa chadothi choyera chija ngati zili zooneka bwino osati zofufutika, ndimayesa kawashala ngati sikakuvuka kokha, ndimayang'ananso nsonga ngati ilidi yowonda, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa ndimangosiya. Kusiyana ndi iridium yabodza, ndi bwino D8EA yeniyeni kutalitali.

Pa mainjini ena apakhomo sindinavutike nazo. Pampu ya madzi ya kumunda ndi jenereta yomwe inatithandiza nthawi ya load shedding ya 2024 zili ndi injini zotengera Honda GX160, zimalira pa liwiro limodzi tsiku lonse, ndimangoyikamo BPR6ES gapu 0.7 mpaka 0.8mm ndipo zikugwira bwinobwino. Amene muli ndi two stroke zomwe zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, pulagi yanu imafa ndi mwaye isanadyeke n'komwe, ndiye kugula yoti ikhalitse sindikuona phindu lake, konzani kaye kasakanizidwe ka oyilo.

Mvula ino yandionetsanso kuti njinga ikazima utawoloka madzi nthawi zambiri vuto si pulagi koma kapu yake, labala ikang'ambika madzi amalowa moto n'kumathawira kunja. Yanga ndinasintha kapu mu Novembala ndipo pa matope a ku Chongwe sinandizimirepo. Pansi pa mpando ndimayendabe ndi D8EA ija ndinayesera mu Seputembala pamodzi ndi sipanala ya 18, chifukwa kumunda kulibe shopu. Pomanga yambani ndi zala injini itazizira mpaka ifike yokha, kenako sipanala pafupifupi theka la kuzungulira ngati washala ndi watsopano, ngati ndi wakale pang'ono chabe, chifukwa hedi ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga ake akadyeka mulipira ndalama yoposa mapulagi onsewa.