Cathcart Circle mu Train Sim World: njanji yaifupi yosalola tulo

Amene mukufuna sitima yothamanga ngati mphepo, njanji iyi ya m'masewera a pakompyuta oyendetsa sitima a Train Sim World si yanu. Ine ndinaigula chifukwa ndinkafuna kuphunzira kuimitsa sitima bwinobwino, ndipo pa zimenezo ndalama yanga sinapite pachabe.

Ndi njanji ya ku Glasgow, ku Scotland, yomwe a Dovetail Games, opanga masewerawa, anaitulutsa mu 2021. Mumanyamuka pa Glasgow Central, kuwoloka mtsinje wa Clyde pang'onopang'ono, kenaka kuzungulira kum'mwera kwa mzindawu kudzera ku Pollokshields East, Queens Park, Crosshill, Mount Florida ndi Cathcart mpaka kubwerera pomwe munayambira. Ulendo wonse ndi wa theka la ola kapena kuposerapo pang'ono. Palinso nthambi ziwiri, ina yopita ku Newton, ina ku Neilston.

Sitima yake ndi Class 314 ya kampani ya ScotRail, ya mabogi atatu, yoyendera magetsi a pawaya wam'mwamba. Sitima zamtunduwu zinapangidwa mu 1979 ndipo zinapuma ntchito kumapeto kwa 2019, choncho mukuyendetsa nkhalamba yomwe panjanji yeniyeni simungaikwerenso. Kulira kwa injini zake ponyamuka kumandikoma kwabasi, makamaka ndikavala mahedifoni. Mulibe makompyuta ambirimbiri m'chipinda cha woyendetsa. Muli chogwirira cha moto, chogwirira cha mabuleki, ndi mawotchi ochepa basi.

Nkhani yonse yagona pa mabulekiwo. Ali ndi masitepe atatu, kuwonjezapo la pangozi. Masiteshoni ndi oyandikana kwambiri moti kuchoka pa Queens Park kupita pa Crosshill, sitima isanakoke n'komwe, pulatifomu ija yatulukira kale pakati pa zipupa zamiyala. Mukachedwa kugwira, mutu wa sitima umapitirira chikwangwani choimira. Mukagwira msanga, mumakwawa ngati kamba nthawi ili kutha, ndipo siteshoni yotsatira mumafika mochedwa. Chomwe chimandiyendera ine n'kuyamba ndi sitepe yachiwiri pamene pulatifomu ikuyandikira, kenaka kufewetsa kufika pa yoyamba, kuti sitima iime mosagwedeza anthu. Ikaima ndendende pachikwangwani, mphindi yake yomweyo, zitseko n'kutseguka, mtima umachita kuti myaa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: yatsani AWS, chipangizo chochenjeza woyendetsa za magetsi owongolera sitima omwe ali kutsogolo. Masewerawa amayamba chipangizochi chili chozimitsa, koma popanda icho theka la ntchito ya woyendetsa palibe. Mukamayandikira getsi lobiriwira chimaliza kabelu. Likakhala lachikasu kapena lofiira chimaliza hutala, ndipo mukapanda kudina batani m'masekondi awiri okha, sitima imadzimanga yokha mabuleki. Polowa mu Glasgow Central, pomwe njanji zapiringizana ndipo magetsi ndi ambiri, m'pamene mumadziwa ngati maso anu ali panjira kapena ayi.

Nthambi ya ku Neilston ndimaikonda mwapadera. Mukadutsa Whitecraigs ndi Patterton nyumba zimachepa, minda n'kuyamba, njanji ikukwera mtunda. Pobwerera ndi kutsetsereka, ndiye sitima imathamanga yokha ngakhale mutazimitsa moto. Mukatchera nyengo kuti kugwe mvula, mtunda woimira umatalika, ndipo malo omwe munazolowera kuyambira kugwira mabuleki sakugwiranso ntchito. Okonda mpira, dziwani kuti Mount Florida ndi siteshoni yomwe anthu amatsikira popita kubwalo la Hampden Park.

Musanagule, ganizirani ziwiri izi. Njanjiyi ndi yaifupi, ndipo amene sakonda kubwereza njira imodzi atopa nayo msanga. Komanso ndi yowonjezera, kutanthauza kuti muyenera kukhala ndi Train Sim World yeniyeniyo poyamba, kaya pa kompyuta, PlayStation kapena Xbox. Zonsezi pamodzi n'zolemera, choncho ngati intaneti yanu ndi ya bandulo, dikirani mpaka mutapeza Wi-Fi. Ine ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo wongoyamba kumene ndingamuuze ayambe ndi ulendo wa ku Newton masana kopanda mvula, asanalimbane ndi wozungulira uja.