ChatGPT polemba pepala la kafukufuku: Chingerezi imakonza, mareferensi imapeka

Kwa anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene akulemba kafukufuku woti atumize ku jenala (magazini yosindikiza zotsatira za kafukufuku), ChatGPT yaulere ya pa foni, pulogalamu ya nzeru za makina (AI) imene imayankha zomwe mwailembera, ili ndi ntchito imodzi imene imaigwira bwino: kuwongola Chingerezi. Muziipatsa ndime imodziimodzi, ya mawu osapitirira 200, n'kuiuza kuti ikonze galamala yokha, manambala isakhudze. Ikabweza, yerekezani ndi yanu ija mzere ndi mzere, chifukwa imakonda kukometsera. Inu munalemba kuti kolera anachuluka nthawi imene madzi anasefukira, iyo n'kulemba kuti madziwo ndiwo anayambitsa kolera. Ounika mapepala sangakusiyeni pamenepo, poti zimenezo simunaziyeze.

Pa mareferensi, ndiye kuti mndandanda wa zolemba za ena zomwe mwatchula m'pepala lanu, ndiye pali vuto. Ifunseni zimene zinalembedwa za malungo m'midzi yozungulira Majete, kapena za namondwe Freddy wa mu 2023, ikupatsani mndandanda waukhondo, wa mayina, chaka, jenala mpaka masamba, koma mapepala ena mwa amenewo kulibeko. Makinawa amangolosera liwu lotsatira kuchokera pa zimene anaphunzitsidwa, ndiye pa nkhani za kuno ku chigwa, zomwe zinalembedwa zochepa, amadzaza mpata ndi chooneka ngati choona. Tengani nambala ya DOI, yomwe ndi nambala yozindikirira pepala pa intaneti, ya pepala lililonse, muiike pa doi.org, muone ngati mutu, olemba ndi chaka zikugwirizana. Zikagwirizana musalekere pomwepo: litseguleni muliwerenge, popeza nthawi zina pepalalo limakhalapo ndithu koma silinena zimene ChatGPT yakuuzani.

Kumasulira mayankho a Chisena kapena Chimang'anja musaipatse n'komwe. Imakokera mawu ku Chichewa cha pa wayilesi, tanthauzo n'kusokonekera. Komanso mayankhowo ndi a anthu amene munawalonjeza chinsinsi pa fomu yovomerezedwa ndi COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo ku Malawi, ndipo zomwe mwalemba mu ChatGPT zimakasungidwa pa makompyuta a kunja. Kufufuta dzina lokha sikokwanira: mudzi waung'ono wa kufupi ndi Bangula, zaka za munthu ndi matenda ake, amfumu amuzindikira kale.

Malamulo a majenala pa ChatGPT ndi osavuta. Mu 2023 mabungwe a COPE ndi ICMJE, omwe amapereka malangizo a kasindikizidwe ka kafukufuku ndipo majenala ambiri amawatsatira, ananena kuti chida chotere sichingalembedwe ngati mlembi, chifukwa sichingayankhe mlandu pepala likapezeka ndi bodza. Wolemba ayenera kuulula kuti anachigwiritsa ntchito. Kwa a ICMJE, munene m'kalata yopita kwa mkonzi komanso m'pepala momwemo: ngati chinathandiza pa kalembedwe, m'gawo lothokoza, ngati chinathandiza posanthula deta, m'gawo la njira za kafukufuku. Chiganizo chimodzi chotchula chidacho ndi ntchito yomwe chinagwira chikwanira, komabe onani kaye malangizo a jenala yanu, poti majenala amasiyana pa malo oikapo.

Sungani madirafuti akale, lililonse ndi tsiku lake. Mapulogalamu ofufuza zolembedwa ndi AI amalakwitsa, ndipo ofufuza a ku Stanford anaonetsa mu 2023 kuti amanamizira kwambiri anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo. Mkonzi akakukayikirani, dirafuti yoyamba ija, ya galamala yothyoka, ndi imene mudzamutumizire.