Ndemanga yanga pa ulendo wa gaidi wa ku Ephesus, Turkey

Kwa amene mukuganiza zolipira ulendo wa tsiku limodzi wa ku Ephesus kuchokera ku Kuşadası, ine ndapereka nyenyezi 4 pa 5. Malowo paokha ndi 5 yonse, imodzi ndachotsa chifukwa cha mmene kampaniyo inagawira nthawi yathu.

Minibasi inabwera pa hotela nthawi yake, yaukhondo, madzi akumwa anatipatsa. Anatitsitsa pa geti lakumtunda ndipo apa anaganiza bwino chifukwa mzindawu uli pamtsetse nde mumangotsika mpaka geti lakumunsi komwe galimoto imakudikirani. Koma abale valani nsapato zogwira osati masilipasi, miyala ya marble ija inasalala ndi mapazi a anthu ndipo imaterera sizocheza, komanso mthunzi kulibe, tengani chipewa kapena ambulera.

Gaidi wathu anali mayi wa konko, wodziwa ntchito yake, ndipo chomwe ndinamukondera n'choti anatiuza chifukwa chake mzinda waukulu chonchi unatha, osangoti apa panali chakuti apa chakuti. Ephesus linali doko, zombo zimafika mpaka pafupi ndi msewu waukulu wochokera pa bwalo la masewero, koma mtsinje wa Cayster umabweretsa matope chaka ndi chaka mpaka doko linakwiririka n'kusanduka dambo, udzudzu unachuluka, malonda anafa, anthu n'kusamukira pa phiri la Ayasuluk pomwe pali tauni ya Selçuk lero. Mukaima pa msewu uja n'kuyang'ana kunyanja mumangoona minda basi, nyanja inatsala kutali makilomita angapo. Popanda gaidi ine sindikanaziona zimenezo.

Ife amene tinakulira mu Sande sukulu, Efeso wa m'Baibulo uja ndi ameneyu. Bwalo la masewero limalowa anthu pafupifupi 25,000 ndipo ndi momwe munachitikira chipolowe cha pa Machitidwe 19, pamene Demetrius wosula siliva anautsa anzake poona kuti chiphunzitso cha Paulo chiwaphera bizinesi ya tiakachisi ta mulungu wamkazi Artemis, khamu n'kufuula pafupifupi maola awiri. Mayi uja ananena zoona zake kuti Paulo mwiniwake sanalowemo tsiku limenelo, ophunzira anamuletsa, amene anakokeredwa mkati ndi Gaius ndi Aristarchus. Ndinamva gaidi wa gulu lina akuuza anthu ake kuti Paulo amalalikira pa siteji pomwepo, ine zinandiwawa, anthu alipira ndalama zawo kuti auzidwe zenizeni.

Laibulale ya Celsus ndi ija mumaiona pa zithunzi zonse ndipo pamaso ndi yokongola kuposa pa foni. Anaimanga mwana pokumbukira bambo ake, Tiberius Julius Celsus, amene anaikidwa pansi pake pomwepo, ndipo imasunga mipukutu pafupifupi 12,000. Khoma lakutsogolo linagwa kalekale, analiimikanso pakati pa 1970 ndi 1978, ndipo ziboliboli zinayi za akazi zija ndi makope, zenizeni zili ku Vienna popeza a ku Austria ndi amene akhala akukumba pamalopo kuyambira 1895. Anthu amadzaza kwambiri apa makamaka sitima zikaima ku Kuşadası nde chithunzi cha nokha iwalani.

Tsono nkhani yanga yaikulu ndi Terrace Houses. Tikiti yake ndi yapadera, sinali mu mtengo wa ulendo ndipo potsatsa sananene momveka, tinalipira pa khomo. Koma musadumphe chonde. Ndi nyumba za anthu olemera zomangidwa chokwera phiri, pano anaziphimba ndi denga ndipo mumayenda pa masitepe ndi pa magalasi n'kumayang'ana pansi. Muli zithunzi zopenta pa makoma, pansi anayala timiyala tamitundumitundu topanga zithunzi za mikango ndi milungu yawo, mapaipi adothi obweretsa madzi mpaka m'nyumba, ngakhale njira yotenthetsera zipinda ndi mpweya wotentha wodutsa pansi pa nyumba. Pa makoma ena pali zolembalemba za anthu wamba. Kunja kuja mumaona ulemerero wa boma ndi akachisi koma muno ndi momwe mumazindikira kuti munkakhala anthu enieni, ophika, osamba, olera ana. Apa ndi pomwe anatithamangitsa, eti nthawi yatha.

Nthawi yomweyo imene akuti inatha inapezeka yambiri titafika ku shopu ya makapeti, kenako ina ya majekete achikopa. Kuona mmene amatulutsira ulusi wa silika ndi kuluka pamanja n'kosangalatsa ndithu, tiyi anatipatsa, koma zikatha apo ogulitsa amakuunjirirani ndipo mumakhala nthawi yaitali poti galimoto sinyamuka. Chifukwa cha zimenezi tchalitchi cha Maria, pomwe panachitikira msonkhano wa mabishopu wa mu 431, tinangochilozeredwa patali pomwe chili pafupi ndi geti lakumunsi lomwelo.

Ku Kachisi wa Artemis tinangoima pang'ono. Konzekerani mtima, mwa zodabwitsa 7 za dziko lakale ichi chatsala mzati umodzi wolumikizalumikiza pakati pa dambo, pamwamba pake mbalame zinamanga chisa. Munthu wina dzina lake Herostratus anaotcha kachisiyu mu 356 BC n'kumangidwanso, ndipo malo ake anatayika mpaka Mngelezi wina, John Turtle Wood, anawapeza mu 1869, zidutswa zabwino zinapita ku British Museum. Nyumba ya Maria pa phiri la Bülbül ndi yaing'ono, yabata, anzathu a Katolika anapemphera ndi mtima wonse. Nkhomaliro inali yabwinobwino, zakumwa mumalipira nokha.

Musanalipire afunseni a kampani ya ulendowo pa WhatsApp zinthu ziwiri, ngati Terrace Houses ili mu mtengo komanso ngati pali zoima m'mashopu, ndipo akuyankheni molemba. Ngati mukugona ku Selçuk onjezani myuziyamu ya m'tauni momwemo, ziboliboli zikuluzikulu za Artemis zili mmenemo ndipo ulendo wathu sunafikeko, ine ndinachita kupita pandekha.