Ndalama za severance: kabaza kapena kupikula mtedza?

Severance ndi ndalama zomwe olemba ntchito amakupatsani akakuchotsani ntchito musanalakwe. Musanasankhe, werengetsani kaye zanu. Lamulo la ntchito limati malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata 3 pa zisanu zotsatira, kenako masabata 4. Wa zaka 12 ayenera kulandira za masabata 33.

Njinga yamoto imalowetsa kenakake tsiku lililonse, koma imadyanso. Laisensi, inshuwalansi ndi zisoti ziwiri zimafuna ndalama musananyamule ndi munthu mmodzi yemwe. Fumbi la msewu wa ku Mkanda ku Mchinji limatha tcheni msanga, ndipo mukaipatsa mnyamata, oyilo sasintha pa nthawi yake.

Mtedza ndi wa munthu wodekha. Mumagula pa msika wa Kamwendo ku Mchinji komweko m'mwezi wa Juni n'kudikira mtengo ukwere cha mu Novembala. Ngozi ndi chinyezi: ena amauwaza madzi kuti ulemere pa sikelo, m'thumba n'kuchita chuku. Gwedezani chikoko, wouma umalira. Matumba muwasanje pa mitengo, asakhudze simenti kapena khoma.

Ngati fizi ikudikira temu ino, mtedza sungakupulumutseni. Kabaza angathe, bola chiwongolero mugwire nokha.